Dzina la Kachiwala pa Kompyuta ya Kuntchito

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ife tonse kuno. Mukupeza bwanji masiku ano? Maso aja akuchitabe chifunga, kapena mankhwala odontheza aja athandizako? Nanga bondo likukulolani kuyenda? Kuno tadzuka. Mdzukulu wanu chifuwa chija chinamusiya, ndipo mkamwini wanu akuti ndikuperekereni ulemu wake.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi amene timapemphera naye, ndipo ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu kapena mwa amalume basi. Amalumewo ndi amene akuwerengereni, chitseko chili chotseka. Foni sindinaimbe dala, chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Tsopano khalani pansi kaye, Amayi. Kachiwala ali moyo. Pamene ndikulemba pano wagona pampando wautali m'chipinda changa chochezera, ndikumuona ndi maso angawa. Kunja kumene tinkati wapita kukagwira ntchito kuja sanapiteko. Ndege sanaikwere n'komwe. Miyezi yonseyi mzime wanu anali m'tauni mommuno, kuseri kwa kuntchito kwanga, pamtunda woti munthu akhoza kuponya mwala n'kufika.

Mauthenga aja ankabwera pafoni yanu, oti wafika bwino, ntchito yachuluka, musamaimbe, sanali ake. Mukumbuka ndinkadandaula kuti mwana wolongolola ngati wailesi uja angalembe bwanji mawu ouma chonchija, opanda ndi nthabwala imodzi yomwe? Inu munkati ndi kutopa. Nanenso ndinkadzitonthoza choncho.

Ndikufotokozereni mmene zinayendera, mwandondomeko.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pakaofesi kotaipa makalata ndi kupanga fotokope, pamwamba pa sitolo ya utoto. Intaneti yathu inkabwera pachingwe, ndiye anthu okumba ngalande mumsewu anachidula. Abwana anga atatopa kudikira okonza, anakagwirizana ndi a sitolo ya mankhwala kutsidya kwa msewu kuti tizigwiritsa ntchito wayifayi yawo. Imeneyi ndi intaneti yoyenda mumphepo, yosafuna chingwe.

Vuto linali lakuti kompyuta yathu ndi nkhalamba, ilibe khutu lomvera za mumphepozo. Abwana anakagula kachipangizo kotchedwa adaputa, kotalika ngati chala chachikulu, kokhala ndi kamlongoti kopindika. Anandiponyera patebulo n'kunena kuti ndikabaye kumbuyo kwa kompyuta, pabowo lomwe timabayapo fulashi, makasitomala asanayambe kutitukwana.

Ndinagwada, ndinakabaya, koma kompyuta inangokhala duu ngati sinamve kanthu. M'kabokosi kake munali kachimbale kakang'ono, koti kompyuta iwerenge kuti ikadziwe kachipangizoko. Kathireyi kolowetsera chimbale kanali katauma ndi fumbi, mpaka ndinachita kukatokosa ndi pini ya kumutu. Itawerenga, ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Pamenepo kanyali kabuluu ka pa adaputa kanayamba kuphethira.

Pasikirini panatuluka mayina a mawayifayi onse a m'dera lathulo, chifukwa aliyense amapatsa yake dzina. Panali ya sitolo ya mankhwala, ya malo ogona alendo, ina ya manambala okhaokha. Ndikutsitsa maso kufuna yathuyo, pansi penipeni ndinaona dzina ili: "Kachiwala gulani yanu."

Amayi, ndinaliwerenga kawiri.

Dzinalo ndinalemba ndine. Kachiwala atagula foni yake ya pinki ija, asuweni ake ankamuvutitsa kuti aziwagawira intaneti, pakuti foni imatha kugawira ena ngati wayifayi. Ndiye tinailemba dzina limenelo tikuseka mpaka misozi. Padziko lonse lapansi palibe wina amene angatchule foni yake choncho.

Ndinaimba nambala yake nthawi yomweyo. Inalira mpaka inaduka yokha. Kasitomala amene ankadikira kalata yake anandifunsa ngati ndadwala.

Abwana anga ndi bambo wachikulire wosakonda zocheza, koma tsiku limenelo anakoka mpando n'kundimvetsera. Iwo anati mwina foniyo inabedwa kapena anaigulitsa asananyamuke. Ine ndinati nanga mauthenga akubwera kwa amayi akuchokera pafoni iti? Kenako anati mphepo ya foni sipita patali, ngati tikuiona ndiye kuti foniyo ili m'nyumba zoyandikana nafe zomwezi.

Anatsegula kabati n'kutulutsa chingwe chachitali cholumikizira. Tinazula adaputa ija, kuibaya kumapeto kwa chingwecho, n'kuyamba kuyenda nayo m'mawindo. Iwo ankaigwira, ine ndikuyang'ana timizere tosonyeza mphamvu pafupi ndi dzina lija. Pawindo la kumsewu, dzinalo linazimiririka. Pawindo la m'mbali, kamzere kamodzi. Atailendewetsa pakawindo ka kumbuyo, kumene timasungira mapepala, timizere tinakwera pafupifupi kudzaza.

Ndinasuzumira. Kumbuyoko kuli kanjira kopapatiza kolowa galimoto imodzi, ndipo kumapeto kwake kuli nyumba ya mpanda wautali wa magalasi osweka pamwamba, geti lachitsulo lobiriwira. Makatani onse otseka, dzuwa lili pamutu. Nyumba imeneyi ndakhala ndikuiona tsiku lililonse ndikamatenga mapepala, osaiganizira kanthu.

Madzulo ake ine ndi mkamwini wanu tinapita kupolisi. Wapolisi amene tinamupeza sanatinyoze, koma anati dzina la mumphepo si munthu, ndipo mng'ono wangayo ndi wamkulu, anachoka pakhomo mwa kufuna kwake. Anati tibwere ndi china chogwirika. Potuluka, wapolisi wina wamkazi amene ankamvetsera chapatali anatitsatira, n'kutipatsa nambala yake. Anati tikaona chilichonse timuuze iyeyo, ndipo tisachite phuma.

Kutacha, mkamwini wanu anavala ovolosi yake, kunyamula zipangizo zake za mapaipi, n'kukagogoda pageti lija. Anakonza zokanena kuti madzi akutuluka pansi pa mpanda wawo ndipo akuononga katundu wa sitolo ya utoto. Ine ndinatsala pakompyuta, maso padzina lija.

Apa ndi pamene phuma lija linandigwira. Pasiwedi ya foniyo, mawu achinsinsi otsegulira, ndinkaidziwa, pakuti ndinaiika ndine. Mtima unandiuza kuti ndikalowa, mwina Kachiwala aona kuti wina wake ali pafupi. Ndinailemba. Inatsegula, Amayi. Pasiwedi inali yomweija.

Sindinasangalale nthawi yaitali. Ndisanaganize n'komwe chochita, dzina lija linazima pasikirini ngati wina wauzira kandulo.

Mkamwini wanu anabwera nkhope itasintha. Anati amene anamutsegulira ndi mwamuna wamfupi wa chipsera pachibwano, ndipo sanamulole kupitirira pampopi wa panja. Komabe anaona zokwanira. Pakhonde panali mulu wa masilipasi a atsikana, osiyanasiyana kukula. Chitseko cha kumbuyo chinali ndi loko kunja kwake, osati mkati. Pachingwe choyanikira panali bulauzi yachikasu yopsa ndi simbi pamkono wamanzere. Bulauzi imeneyo inali yanga, ndinaiwotcha ndine, ndipo Kachiwala anailanda tsiku lolongedza chikwama.

Anandiuzanso kuti ali pampopipo, foni ya m'thumba mwa mwamunayo inalira, iye anaitulutsa, kuiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamba kuunguza m'mawindo a nyumba zoyandikana. Nditamuuza zomwe ndinachita, sanandikalipire. Anangoti ndisachoke pamalopo, iye akuthamangira kwa wapolisi wamkazi uja.

Sipanapite nthawi, ndinamva mapazi pamasitepe.

Analowa mwamuna wamfupi, chipsera pachibwano. M'dzanja lake munali foni ya pinki, yosweka pakona, kamtima komata kaja kakadali kumbuyo kwake.

Anapereka moni mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa. Anayang'ana makina a fotokope, anayang'ana mashelefu, kenako maso ake anatsatira chingwe chija pansi, kuchoka pakompyuta mpaka kukawindo ka kumbuyo. Tinali titaiwala kuichotsa adaputa. Inali ikulendewerabe panja, kanyali kake kakuphethira.

Anandionetsa foniyo n'kunena kuti, "Mlongo, kompyuta yanu yalowa m'foni mwanga. Dzina la ofesi yanu ndi ili."

Sindinkadziwa kuti foni imaonetsa dzina la amene walowa. Abwana anaipatsa kompyutayo dzina la ofesi yathu, lomwe lalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma la kumsewu.

Ndinati pepani, kachipangizoko n'katsopano, mwina kamangogwira chilichonse kamene kapeza.

Iye anamwetulira. "Kamadziwanso ndi pasiwedi yomwe?"

Anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la fodya m'malaya mwake, n'kuyamba kundiyang'anitsitsa kumaso. Amayi, moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula kuti ndinatengera chipumi ndi mphuno ya malemu bambo, pomwe Kachiwala anatenga nkhope yanu. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mphuno imeneyi.

Abwana anatuluka m'chipinda cha mapepala atanyamula bokosi, akung'ung'udza ngati munthu amene wasokonezedwa pantchito. Anafunsa chavuta n'chiyani. Atamva, anaseka mokweza n'kunena kuti, "Aa, achimwene, ndiye kuti foni yanuyo munagula kwa munthu. Pano pamabwera atsikana ambirimbiri kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito, ndipo intaneti ikathawa amatigawira ya m'foni mwawo. Kompyuta ndi njovu, siiwala. Ikangomva fungo la foni yomwe inaidziwapo, imalowa yokha."

Mwamunayo anafunsa chifukwa chake kachipangizoko kali pawindo la kumbuyo pomwe msewu uli kutsogolo. Abwana anati kutsogolo kumawomba dzuwa, ndipo wogulitsa anawachenjeza kuti kakatenthedwa kamapsa. Anawonjeza kuti ngati akufuna fotokope anene, ngati sakufuna atipatse mpata, ntchito yatichulukira.

Mwamunayo anaika foni m'thumba, kundiyang'ananso kamodzi, n'kutsika.

Mapazi ake atangotha, abwana anaika bokosi pansi n'kukhalira pomwepo. Thukuta linali litanyowetsa kolala yawo yonse. Anati munthuyo sanakhulupirire, ndipo ngati m'nyumbamo muli anthu, awasamutsa lero lomwe.

Ananena zoona. Dzuwa litangopendeka, minibasi ya magalasi akuda inalowa chafutambuyo m'kanjira kaja, geti linatseguka, inalowa, geti n'kutsekekanso. Ndinaimbira mkamwini wanu ndikulira. Anati wapolisi wamkazi uja wamvetsa ndipo akusonkhanitsa anzake, koma galimoto yawo inali isanabwere kumene inapita. Ndinamuuza kuti ikamadzafika adzapeza nyumba yopanda anthu.

Anangoti, "Ndikubwera."

Mukuidziwa galimoto yake ya ntchito ija, imene mumati imatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Anafika nayo, kuilowetsa chopingasa pakamwa pa kanjirako, kuizimitsa, kutsegula boneti, n'kuponya makiyi m'chidebe cha zinyalala. Wogulitsa utoto, amene abwana anali atamunong'oneza, anatuluka n'kugwada naye limodzi ngati akuthandiza kukonza.

Ine ndinali pakawindo kaja. Ndinaona geti likutseguka, minibasi ikutuluka, n'kuima. Dalaivala analiza hutala. Mkamwini wanu anakweza manja kusonyeza kuti galimoto yafa. Dalaivalayo anatsika, wachipsera uja naye anatsika. Atamuzindikira kuti ndi wa mapaipi wa m'mawa uja, anabwerera kuminibasi n'kutulutsa chitsulo chomasulira matayala.

Sindikukumbuka mmene ndinatsikira masitepe. Ndinangopezeka ndili mumsewu ndikukuwa kuti m'galimotomo muli ana a anthu, akuba anthu, thandizeni. Amayi ogulitsa zipatso anasiya malonda awo. Okonza nsapato, a njinga zamoto, a m'sitolo ya mankhwala, onse anathamangira kukanjirako. Wachipsera uja anali atamugwira kale mkamwini wanu pakhosi, chitsulo chili m'mwamba. Ataona khamulo anatsitsa dzanja n'kuyamba kunena kuti ndine wamisala, atsikanawo ndi a kwaya akupita kokaimba.

Mayi wina wa zipatso anati ngati ndi a kwaya atsegule chitseko atiimbire. Anthu anayamba kumenya magalasi a minibasi ndi zikhatho. Dalaivala anafuna kulumpha mpanda, a njinga zamoto anamugwira mwendo. Zinthu zikanafika poipa, koma apolisi anafika pamenepo, wamkazi uja ali patsogolo.

Atatsegula chitseko, atsikana anayamba kutsika mmodzimmodzi, akuphimba maso chifukwa cha dzuwa. Ena anali aang'ono kuposa Kachiwala. Ndinkayang'ana nkhope iliyonse. Anatsika womaliza, ndipo mng'ono wanga panalibe.

Ndinathamangira kugeti ndikuitana dzina lake. Wapolisi wina anandigwira, koma ndinapitiriza kukuwa. Kenako tonse tinamva kugunda kuchokera mkati mwa nyumba, ngati munthu akumenya chitseko ndi chidebe.

Anamupeza m'kachipinda kosungira katundu, kopanda windo. Anzake anati wachipsera uja anamutsekera mmenemo chifukwa anayesa kukuwa pawindo la kubafa, ndipo tsikulo anakonza zodzamutenga payekha pambuyo. Atathyola loko anatuluka atagwira khoma. Waonda, Amayi, sindikubisirani. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati sakundidziwa, kenako anati, "Achemwali, musawauze amayi."

Ndi mawu oyamba amene ananena. Ndinamukumbatira, tonse tinagwa pansi.

Kuchipatala anamuyeza n'kumupatsa mankhwala, ndipo akuti thupi libwerera. Atsikana enawo akuwasunga pamalo abwino pamene akufufuza abale awo. Wachipsera ndi dalaivala ali m'manja mwa apolisi. Koma Kachiwala akuti panali atsikana ena amene ankatengedwa awiriawiri m'mbuyomu, ndipo sanabwerenso. Kumene anapita sikukudziwika mpaka pano.

Tsopano mvetsetsani chifukwa chake sindinaimbe foni.

Amene anamusiya Kachiwala pageti lija ndi Mayi Maulendo, omwe aja anatipezera ntchitoyo, omwe mumakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Anamuuza kuti agone pamenepo masiku ochepa mapepala akonzeke, anamulanda pasipoti ndi foni kuti akazilembetse, ndipo sanaonekenso kunyumbako. Foniyo anamusiyira wachipsera, amene ankaigwiritsa ntchito pa zake zonse, chifukwa nambala yake ili m'dzina la Kachiwala, osati lake.

Kachiwala akavuta, mwamunayo ankamuuza za inu. Ankamuuza tsiku limene mwapita kuchipatala cha maso, mtundu wa diresi imene mwavala Lamulungu, ngakhale zoti loko wa chitseko chanu cha kumbuyo ndi wothyoka. Ankati akapitiriza phokoso, akuyenderani. Amayi, ndani amadziwa zonsezi? Ndani amakuwerengerani mauthenga a pafoni chiyambire vuto la masoli?

Ndi Mayi Maulendo omwewo, ndipo sanagwidwe. Apolisi akuwafuna mwakachetechete, ndipo atipempha kuti asadziwe kuti tadziwa. Akabwera kwanu, alandireni monga mwa masiku onse, koma foni yanu musawapatse, nenani kuti yafa. Musawafunse kanthu, musawaonetse nkhope. Ndikukudziwani mtima wanu, Amayi, mudzafuna kuwagwira pakhosi. Chonde dziletseni. Amalume akauze apolisi a kumeneko mwamsanga, nambala ya wapolisi wamkazi uja dalaivala wa basi ali nayo.

Amalume, popeza ndinu mukuwerenga, izi ndi zanu. Ndinamva kuti mwana wanu wamkazi wapereka kale zithunzi ndi pasipoti kwa mayi omwewa, ndipo akuyembekeza kunyamuka. Asakwere galimoto iliyonse. Ngakhale alire, ngakhale akudeni, mugoneni pakhomo. Muuzenso makolo ena amene mukuwakhulupirira, koma apolisi ayambe adziwa kaye.

Loko wa kumbuyo uja akonzedwe lero. Ndipo ngati n'kotheka, Amayi, musagone nokha. Kwerani basi yomweyi pobwerera, dalaivala wavomera kukusungirani mpando wa kutsogolo chifukwa cha bondo.

Kachiwala anakana kwa masiku angapo kuti ndikulembereni. Akuti munauza mpingo wonse kuti mwana wanu ali kunja, anthu anakuyamikirani, ndiye abwera bwanji chimanjamanja, wakuchititsani manyazi. Ndinamuuza kuti manyazi ndi a amene anamugulitsa. Dzulo ndi pamene anagwedeza mutu kuti ndilembe.

Sakulankhula kwambiri. Chitseko chikatsekedwa amadzuka n'kukachitsegula, ndiye tikungozisiya zonse zotsegula. Mdzukulu wanu yekha ndi amene amamuseketsa pang'ono.

Mukafika musamufunse mafunso, adzanena yekha nthawi yake ikakwana. Mubwere ndi chipeso chanu chachikulu chija. Tsitsi lake lapotana kwambiri, lamangana mpaka pakhungu. Ndinafuna kulimeta, anakana. Ndinafuna kulipesa, anandichotsa dzanja. Akuti akudikira inu.

Mulungu amene wamusunga mwana wanu akusungeni inunso mpaka tionane. Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa asuweni onse, koma nkhaniyi ikhale ya m'nyumba kaye.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Make mdzukulu wanu.